Momwe Mungalimbitsire Chidwi ndi Kudzikhulupirira mwa Osewera Achinyamata

Aphunzitsi ambiri a matimu a achinyamata, kaya a mpira wamiyendo kaya a ntchemberembaye, amathera nthawi yonse pa thupi ndi luso: kuthamanga, kupatsirana, kumenya mpira. Zamumtima amazisiyira mawu a mphindi 5 masewero asanayambe, "limbani mtima anyamata, lero tiwaonetsa." Mawu oterewa amatha mphamvu timu ikangochinyidwa chigoli choyamba. Mwana amalimba mtima akakhala ndi umboni woti chinthucho anachichitapo ndipo chinatheka, ndiye ntchito yanu ndi kukonza tereningi kuti umboni umenewo uzichuluka sabata ndi sabata. Malangizowa ndi a timu ya ana a zaka 12 mpaka 18 yomwe imakumana katatu pa sabata. Mufunika kope limodzi, cholembera, wotchi kapena foni, ndi zoika pansi zosonyeza malire. Mabotolo othira mchenga amakwanira.

Gawo 1: Dziwani chimene chimabweretsa mwana aliyense pabwalo

Masabata 2 oyambirira musasinthe kanthu, muzingoona ndi kulemba. Mwana aliyense akhale ndi tsamba lake m'kopemo. Lembani nthawi imene amafika, ndi zomwe amachita akangophonya: amaitanitsanso mpira, kapena amabisala kumbuyo kwa womulondera kuti asapatsidwe? Akalakwitsa maso ake amapita kuti, pansi, kwa inu, kapena kwa anthu omwe ali kunja kwa bwalo? Kenako mutengereni pambali aliyense kwa mphindi 5 ndipo mumufunse zinthu zitatu: chimene chimamusangalatsa kwambiri pa tereningi, chimene akufuna kuchidziwa bwino pofika mwezi wamawa, ndi tsiku limene anaganizapo zosiya. Funso lachitatuli ndi lomwe limakuuzani zambiri, choncho musamudule mawu.

Mayankhowa muwamvetse motere. Edward Deci ndi Richard Ryan a ku yunivesite ya Rochester ku America anafotokoza mu 1985 kuti khama la munthu limachokera mbali ziwiri: mkati, pamene chinthucho chikumukoma pachokha, ndi kunja, pamene akufuna mphotho kapena akuopa chilango. Khama lochokera mkati ndilo limakhalitsa, ndipo limakula munthu akamva kuti ali ndi chonena pa zimene akuchita, kuti luso lake likupita patsogolo, komanso kuti anzake amamuwerengera.

Apa m'pamene ndalama yopatsa wogoletsa chigoli imaonongera zinthu. Mu 1971 Deci anapeza kuti ophunzira omwe analipidwa pochita masewera a nzeru omwe ankawakonda kale anayamba kuwanyalanyaza malipirowo atatha. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake anaona zofanana pa ana aang'ono okonda kujambula: omwe analonjezedwa mphotho anachepetsa kujambula pambuyo pake, koma omwe anaipatsidwa mosayembekezera chidwi chawo sichinatsike. Pabwalo zimaoneka chonchi: wakutsogolo amasiya kupatsira mnzake amene ali pabwino, otchinga kumbuyo amaona ngati thukuta lawo lilibe mtengo, ndipo wokufunirani zabwino amene amapereka ndalamazo akasiya, tereningi imayamba kuchepa anthu. Ndalama yoyendera, sopo ndi chakudya n'zofunika, ndipo mwana wanjala sangaphunzire kanthu. Ziperekedwe kwa onse mofanana. Wina akabwera ndi ndalama yoti apatse wogoletsa, mupempheni kuti ilowe m'thumba la timu.

Gawo 2: Apatseni chonena

Pa tereningi ya mphindi 90, siyani mphindi 10 zoti ana asankhe okha pakati pa zochita ziwiri zomwe mwakonza. Lamulo lililonse lizibwera ndi chifukwa chake m'mawu ochepa: "Lero tisewera mogunda kawiri kokha kuti muzolowere kukweza mutu mpira usanafike." Malamulo a timu, 4 kapena 5 okha, apange iwo eni pamodzi ndi chilango chake. Musalange mwana pomuzungulitsa bwalo, chifukwa mukumuphunzitsa kuti kuthamanga ndi chilango, pamene inu mukufuna azithamanga yekha tsiku lomwe kulibe tereningi. Awiriawiri ochitira limodzi muziwasintha sabata iliyonse. Wovulala azibwera ndithu, agwire kope ndi wotchi.

Gawo 3: Mangani makwerero

Ili ndilo gawo lalikulu. Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford analemba mu 1977 kuti chikhulupiriro cha munthu choti angathe ntchito inayake chimachokera ku zinthu zinayi: zomwe anakwanitsapo yekha, zomwe waona wofanana naye akuchita, mawu a anthu omwe amawakhulupirira, ndi mmene thupi lake likumvera. Choyambacho ndicho champhamvu kuposa zonse. Dziwaninso kuti chikhulupirirochi chimayenda ndi luso limodzilimodzi. Mwana akhoza kukhala wolimba mtima popatsira koma n'kumanjenjemera pomenya penate, choncho makwerero, kutanthauza kuonjezera zovuta pang'onopang'ono, amamangidwa pa luso limodzi nthawi imodzi.

Titenge mtsikana woponya zigoli pa ntchemberembaye. Mkombero uli pa mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo malire a poponyera ali pa mamita 4.9 kuchokera pa mtengo. Muyambitseni pa mita imodzi, aponye ka 20, mulembe zolowa. Akalowetsa 14 kapena kuposa pa matereningi 2 otsatizana, abwerere m'mbuyo theka la mita. Akalowetsa zosakwana 10, asendere kutsogolo popanda mawu onyoza. Akafika pa mamita 3 n'kumakwanitsabe, mubwezereni pa mamita 2 ndipo muonjezere chovuta china: womutchinga ataima pa masentimita 90 monga lamulo limanenera. Kenako wina aziwerenga mokweza masekondi 3 omwe amaloledwa kugwira mpira. Kenako aziponya atangothamanga mwamphamvu masekondi 30, akupuma wefuwefu. Pomaliza anzake aime mozungulira azikuwa.

Pa penate, yomwe imamenyedwa pa mamita 11, yambani opanda goloboyi. Ikani botolo mita imodzi kuchokera pa mtengo uliwonse, ndipo mpira uzidutsa pakati pa botolo ndi mtengo. Amenye ka 10. Akamakwanitsa 7, ikani goloboyi woima osasuntha, kenako goloboyi wogwira zenizeni. Khwerero lomaliza ndi loti achoke pakati pa bwalo, ayende yekha mpaka pamalo omenyera anzake onse akuonerera, amenye kamodzi kokha basi. Kuyenda kumeneku ndi komwe kumatha ana ambiri mphamvu pa tsiku la mapenate, ndipo matimu ambiri sakuyeserera n'komwe.

Zolakwika zimene zimabwerezabwereza ndi izi. Mphunzitsi amaonjeza zovuta ziwiri tsiku limodzi, mwana n'kulephera, ndipo palibe amene akudziwa kuti chamugwetsa ndi chiti. Ena amafewetsa zinthu mopitirira pofuna kumusangalatsa, koma mwana wa zaka 14 amadziwa akamanamizidwa, ndipo 20 pa 20 ali pansi penipeni pa mkombero sizimuuza chilichonse. Ena amasunga manambala m'kope mwawo osamuonetsa mwini wake. Muonetseni: "Sabata yoyamba unali pa 8, lero uli pa 13." Musawerenge manambala a onse pagulu kuyambira wapamwamba mpaka wapansi, chifukwa wapansiyo sangakumbukire kuti nayenso wakwera.

Pa nkhani yoonera ena, mayina aakulu ali ndi ntchito yake. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, ndipo Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current. Zimenezi zimauza mtsikana wa kuno kuti njira ilipo. Koma pa luso loti aliphunzire Lachitatu likubwerali, amene angamuthandize kwambiri ndi mnzake wa msinkhu womwewo amene mwezi watha ankalephera ndipo lero akutha. Muitaneni ameneyo asonyeze, afotokozenso chomwe ankalakwitsa. Mukamangogwiritsa ntchito katswiri wa timu posonyeza, enawo amangoti uyu ndi wobadwa nazo.

Mawu anu akhale olunjika pa chimene chachitika. "Wachita bwino" sakuphunzitsa kanthu. Nenani kuti, "Phazi lako lamanzere unaliponda pambali pa mpira, n'chifukwa chake sunakwere." Akalakwitsa, yambani ndi chimene wachita bwino, mupereke langizo limodzi lokha la chochita ulendo wotsatira, mumusiye apitirize. Ronald Smith ndi Frank Smoll a ku yunivesite ya Washington anaphunzitsa njira imeneyi kwa aphunzitsi a matimu a ana a masewera a baseball kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Pa kafukufuku wa mu 1992, ana omwe anali ndi aphunzitsi ophunzitsidwawa anasiya masewerawo 5 okha pa 100 alionse chaka chotsatira, pamene kwa aphunzitsi enawo anasiya 26.

Gawo 4: Ikani zolinga zowerengeka

Edwin Locke ndi Gary Latham anasonyeza pa kafukufuku wa zaka zambiri kuti cholinga chodziwika bwino komanso chovutirapo chimatulutsa khama lalikulu kuposa kungomuuza munthu kuti ayesetse. Mwana aliyense akhale ndi cholinga chimodzi cha masabata 4, chokhala ndi nambala, choyezedwa tsiku lomwelomwelo la sabata. Wotchinga kumbuyo: mipira 6 pa 10 yomenya ndi phazi lomwe salizolowera ifike kwa mnzake amene ali pa mamita 20. Wapakati: ayang'ane kumbuyo asanalandire mpira, ndipo mnzake wapabenchi aziwerenga kuti wachita kangati m'mphindi 15.

Kutenga chikho n'cholinga chabwino cha timu, koma mwana sangachigwire ndi manja ake chifukwa chimadaliranso timu inayo. John Nicholls anafotokoza mu 1984 kuti pali ana omwe amayeza luso lawo podziyerekeza ndi mmene analili dzulo, ndi ena omwe amaliyeza poposa anzawo. Achiwiriwa amaoneka olimba zinthu zikamayenda, koma akakumana ndi owaposa amapewa zovuta, amanamizira kuvulala, kapena amakana kuyesa luso latsopano pagulu. Mbali imene mwana amatsamira imadalira kwambiri zomwe inu mumayamikira. Ngati mwana aliyense wolakwitsa mumamutulutsa nthawi yomweyo, timu yonse imaphunzira kusewera mobisala. Dikirani mphindi zingapo, akhudzenso mpira kawiri kapena katatu, ndipo ngati mukumutulutsabe mumuuze chifukwa chake asanakhale pansi.

Gawo 5: Konzani mmene timu imafotokozera kugonja

Bernard Weiner anasonyeza kuti chifukwa chimene munthu amapereka akalephera ndicho chimalamula ngati ayesenso kapena ayi. Mvetserani zomwe ana akunena pobwerera kunyumba. "Ine mpira sindiutha" ndi chifukwa chimene chili mwa iye ndipo akuchiona ngati chosasintha, ndiye chimapha khama. "Oyimbira atibera" ndi "anatikhwimira aja" zimateteza mtima tsiku limenelo, koma sizisiya ntchito iliyonse yoti igwiridwe Lolemba. Nkhani ya mankhwala pa mpira ndi yodziwika kwathu kuno, mpaka matimu ena amakana kulowera pachipata. Kutsutsana ndi mwana pa zimene amakhulupirira sikukupindulirani kanthu. Ingomufunsani kuti, pa zigoli 3 zija, ndi zingati zomwe zinabwera pa kona pomwe munthu anasiyidwa yekha.

Zokambiranazi zisachitike masewero atangotha, mitima idakali m'mwamba. Dikirani tereningi yotsatira, mutenge mphindi 15. Gawani tsamba pawiri, mbali ina zomwe sitikanazisintha, ina zomwe zinali m'manja mwathu. Ngati oyimbira analakwitsadi, vomerezani m'mawu amodzi n'kulemba mbali yoyamba, chifukwa mukakana zomwe aliyense anaona ana sadzakukhulupiriraninso. Kuchokera mbali yachiwiri sankhani zinthu 2 zokha, ndipo tereningi ya tsiku limenelo ikhale pa zimenezo. Mukapambana chitani chimodzimodzi, kuti asamati unali mwayi.

Gawo 6: Nthumanzi ya tsiku la masewero

Lingaliro lakale, lochokera pa zomwe Robert Yerkes ndi John Dodson anapeza pa mbewa mu 1908, limati munthu amachita bwino akatenthedwa pang'ono, osati atazizira kapena atatenthedwa mopitirira. Katswiri wa ku Russia, Yuri Hanin, anaonjezapo kuti mlingo woyenerawo ndi wosiyana kwa wosewera aliyense. Wina amasewera bwino magazi akuwira, wina amafuna bata. Choncho nyimbo ndi kukuwa m'chipinda chovalira zimadzutsa ena koma zimasokoneza ena.

Kuti mudziwe mlingo wa aliyense, kutatsala mphindi 30 masewero asanayambe aliyense alembe nambala kuyambira 1 mpaka 10 yosonyeza mmene mtima wakwerera. Masewero akatha, inu ndi iye mulembe nambala ina ya mmene wasewerera. Pakatha masewero 5 kapena 6 mudzaona kuti uyu amachita bwino ali pa 4, uyo ali pa 8.

Wopitirira mlingo wake mumuzindikira: amayasamula pafupipafupi, amapita kokataya madzi kawirikawiri, mapewa amakwera, ndipo mpira woyamba umamudumpha. Muphunzitseni kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, mimba ikufufuma, n'kuutulutsa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6. Akachita ka 6 yakwana pafupifupi mphindi imodzi. Kutulutsa mpweya motalikitsa n'kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Izi aziyeserera pa tereningi iliyonse kwa masabata 3 asanazidalire pa masewero. Muuzeninso zoona, kuti mtima kugunda ndi manja kutuluka thukuta ndi thupi kukonzekera ntchito, ndipo akatswiri omwe amawaonera pa TV zimawachitikiranso. Wozizira mopitirira mupatseni zothamanga zifupizifupi zamphamvu, 4 kapena 5 za mamita 15, ndi ntchito yodziwika yoti agwire m'mphindi 5 zoyambirira.

Womenya penate ndi woponya zigoli akhale ndi kachitidwe kamodzi kosasintha. Mwachitsanzo: aike mpira yekha, abwerere mapazi 4, asankhe mbali, apume kamodzi, amenye. Geir Jordet wa ku Norway, amene wafufuza kwambiri za mapenate a m'mipikisano ikuluikulu, anapeza kuti osewera othamangira kumenya wezulo itangolira amaphonya kwambiri kuposa omwe amadikira pang'ono. Kufulumirako kumachokera pofuna kuti mavutowo athe msanga. Kupuma kamodzi kuja ndiko kumaletsa zimenezi.

Robert Zajonc anafotokoza mu 1965 kuti kuoneredwa ndi anthu kumathandiza pa luso lomwe munthu analizolowera kale, koma kumasokoneza pa luso latsopano. Choncho luso latsopano liphunziridwe pa tereningi yopanda oonerera, ndipo chimene mwaphunzitsa Lachinayi musachiyembekezere Loweruka pamaso pa ochemerera.

Gawo 7: Chibadwa cha mwana

Akatswiri akhala akufufuza kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ngati pali khalidwe limodzi lobadwa nalo limene limasiyanitsa opambana ndi ena, ndipo sanapeze loti n'kusankhira nalo osewera. Chothandiza kwambiri ndi chimene Kurt Lewin ananena mu 1936, kuti zochita za munthu zimachokera pa iye mwini pamodzi ndi malo amene ali. Mwana wofatsa pa timu ya mphunzitsi wokalipa akhoza kukhala wolamula anzake pa mpira wa chikulunga kumudzi. Musanamutche wamantha, kamuoneni akusewera kwina.

Kusiyana kulipo ndithu, ndipo muzikutsatira pa kayankhulidwe. Wofatsa mudzudzuleni pambali, mumudziwitsiretu za kusintha kulikonse tsiku lisanafike, ndipo mukamufunsa funso mumupatse nthawi yoganiza. Wokonda gulu amatopa msanga ndi kubwereza chinthu chimodzi payekha, ndiye mugawireni m'zidutswa za mphindi 5 ndi kampikisano. Wodandaula msanga mupatseni ntchito imodzi yomveka, osati malangizo 4. Ukaputeni usapite kwa waphokoso chifukwa cha phokosolo. Onani amene anzake amamuyang'ana timu ikachinyidwa.

Pali ulesi wina umene aphunzitsi amauika pa chibadwa pamene gwero lake ndi kukula kwa gulu. Max Ringelmann wa ku France anayeza anthu okoka chingwe ndipo anapeza kuti gulu likamakula, mphamvu imene aliyense amaikapo imatsika. Pa 11 kulimbana ndi 11 mwana akhoza kutha mphindi 10 osakhudza mpira, wina osazindikira. Seweretsani 3 kwa 3 kapena 4 kwa 4 pa bwalo la mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, mphindi 4 kusewera ndi 2 kupuma. Pamenepo palibe pobisala, ndipo aliyense amakhudza mpira kambirimbiri.

Gawo 8: Unikani pa sabata ya 6

Tsegulani kope muyerekeze ndi masabata 2 oyambirira: ofika pa tereningi, manambala a makwerero, ndi zomwe aliyense amachita akaphonya. Amene nambala yake yaima kwa masabata 3, mwina khwerero lakula, ligaweni pawiri. Amene akukwera pa tereningi koma akugwa pa masewero akusowa makwerero a phokoso ndi kutopa, bwererani ku Gawo 3.

Mwana amene chidwi chake chagwa mwadzidzidzi musayambe ndi kumulimbikitsa. Fufuzani kaye za njala, ntchito zapakhomo, fizi, mayeso, bala lomwe akubisa poopa kutaya malo, kapena kunyozedwa ndi anzake. Kwa atsikana, kusowa zovala zoyenera ndi malo osinthira pa nthawi ya kumwezi kumachotsa ambiri pabwalo mwakachetechete, choncho timu ya atsikana ikhale ndi mayi wamkulu amene angamasuke naye. Amene akusewerera sukulu, timu yam'dera ndi mabonanza nthawi imodzi, n'kumadandaula kutopa kosatha, mupumitseni sabata yathunthu, ndipo akabwerera azikhala ndi tsiku limodzi kapena awiri pa sabata osakhudza mpira. Ngati kwa masabata oposa 2 sakugona bwino, sakudya, wasiya kucheza ndi anzake ngakhale kunja kwa bwalo, kapena wanena mawu osonyeza kuti moyo wamutopetsa, imeneyo si nkhani ya tereningi. Lankhulani ndi makolo kapena omulera tsiku lomwelo, ndipo muthandize kuti akaonane ndi achipatala.